Mphuno ya Anastazia

Scarborough, Kanada
6 Febuluwale 1977

Okondedwa amake Anastazia,

Landirani moni kuchokera kwa ine amuna anu Tobias. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse pakhomopo. Ine ndilipo, kungoti msana. Kunyumba yosungira okalamba komwe ndimagwira ntchito achepetsa anthu, tsopano ndekha ndili ndi nkhalamba khumi ndi ziwiri: kuzidzutsa, kuzisambitsa, kuzitembenuza. Ndikaweruka ndimakhala ngati andipuntha. Kuzizira kwa chaka chino ngakhale eni dziko akudandaula.

Ndi ndalama za positala oda ili m'katimu mugule malata otsala a kukhitchini aja. Musatume munthu, mupite nokha ku Dedza, chifukwa chaka chatha anakubweretserani opyapyala.

Tsopano nkhani imene yandikhazika pansi. Mwana wanu akufuna kukadulitsa mphuno. Musathamangire kulira, sakudwala. Kuno kuli madokotala amene ntchito yawo ndi kukonza nkhope za anthu abwinobwino. Stazia akuti mphuno yake ndi yotambalala kunsiku, mabowo ndi aakulu, akufuna akaichepetse. Poyamba ndinaseka, ndimayesa ndi nthabwala. Iye sanaseke. Ndipamene ndinakumbukira kuti masiku ena amadzuka ndi timabala tiwiri pamphuno, n'kumandiuza kuti ndi chimfine. Sichinali chimfine. Amadzipana ndi pegi yoyanikira zovala, ndipo wakhala akutero kuyambira ali pasukulu kuno. Zaka zinayi ndikukhala naye nyumba imodzi, ine osadziwa.

Mukukumbukira mawu a alamu anga a William tsiku limene anandilola kum'tenga mwanayu? Ine sindinaiwale ndi limodzi lomwe. Anati, "Mwanayu ndi wathu, inu tangokubwerekani. Mudzam'bweze monga mwam'tengera. Akadzabwera wopunguka, malo anu pano sadzakhalapo." Ndinavomera pamaso pa abale anu onse. Ine ndine mkamwini, nyumba imene tikuikhomera malatayo ili panthaka yawo, ndipo kwina kokakalambirako ndilibe.

Choncho kalatayi mupite nayo kwa achimwene anuwo. Mwini mbumba ndi iwo, anene maganizo awo, ndipo alembe okha ndi dzanja lawo. Ine ndalankhula mpaka malovu auma, mwana akungoyang'ana pawindo.

Ndine amuna anu,
Tobias


Scarborough
20 Malichi 1977

Amake Anastazia,

Moni nonse. Ife tadzuka, msana ukadali chimodzimodzi. Kalata yanu yafika. Ndamva kuti munalira ngakhale ndinakuletsani, ndamvanso kuti alamu anangoti amva, ayankha akaganiza. Aganize msanga.

Lachinayi ndinapempha tchuthi, ine ndi Stazia tinakwera basi mpaka ku siteshoni ya Warden, kenako sitima ya pansi kupita m'tauni kwa dokotala wokonza nkhope. Ndi mzungu wamfupi, waulemu ndithu. Anam'khazika Stazia pampando, anam'kweza chibwano n'kumasuzumira kunsi kwa mphuno, kenako anatenga cholembera n'kujambula timizere pakhungu la mwana wanu.

Njira akuti zilipo zitatu. Ina ndi kudula kachidutswa mbali iliyonse, pamene mphuno imakumana ndi tsaya, n'kusoka. Ina ndi kudula cham'kati, pansi pa bowo, kuti bowolo lichepe ndipo chipsera chibisike. Yachitatu ndiye inandidabwitsa: kutenga kafupa kofewa ka khutu n'kukakaika m'kamnofu kolekanitsa mabowo kaja, ngati mzati, kuti nsonga ya mphuno idzuke. Kuwononga khutu losalakwa! Mwamwayi akuti kwa Stazia ziwiri zoyambazo zikwana.

Ine ndinagwira zaka khumi ndi zinayi pachipatala cha mishoni, khungu lathu ndikulidziwa. Ndinam'funsa za zipsera zotupa zija, zonga zimene zimamera pamakutu a atsikana ena akaboola ndolo. Sanabise, anati zimachitika. Anaona chipsera cha katemera pamkono pa mwanayu, nati chinapola bwino, koma kulumbira sangalumbire.

Atatulutsa pepala losayina ndinati adikire, amalume ake sanayankhe. Anafunsa ngati amalumewo ndiwo alipire. Ndinati ayi, mwana wasunga yekha kuchokera pamalipiro ake, poti boma silithandiza chinthu chimene si matenda. Anafunsa ngati amalumewo ndi dokotala. Ndinati ayi, amalima mbatata ya kachewere. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati kuno mtsikana wa zaka makumi awiri amasayina yekha, ngakhale ine bambo ake sindikufunika. Ndikanam'fotokozera bwanji kuti kwathu ine ndemwe ndinkatumiza njinga kukatenga amalume a munthu, wodwala ali gone akubuula, chifukwa mpeni sukhudza munthu mwini mbumba asanavomere?

Mwana wanu manyazi anam'gwira, koma sanasayine. Munam'lera bwino. M'sitima pobwerera anandiuza kuti, "Ababa, ndidikira mpaka tsiku limene adokotala apereka, pa 14 Juni. Amalume akalemba kuti ayi, ndisiya, simudzandimvanso ndikutchula. Koma akangokhala chete, ndipita."

Ndinavomera, chifukwa kupitirira apo ndilibe chom'gwirira. Muwauze alamu tsikulo, pa 14 Juni, ndipo adziwe kuti kalata imayenda milungu iwiri kapena itatu.

Nkhumba yaikazi ija musagulitse, ngakhale wina abwere ndi mtengo wabwino.

Tobias


Scarborough
1 Meyi 1977

Amake Anastazia,

Ndikupatsani moni, inu ndi onse. Kuno kwayamba kufunda, chipale chofewa chimene amati sinowo chasungunuka, patsala matope okhaokha. Nkhalamba ina imene ndaisamala zaka zitatu yamwalira Lachitatu m'mawa. Pofika masana bedi lake anali ataikapo wina. Ndinangosintha nsalu n'kupitiriza ntchito.

Mwakolola bwanji? Nkhokwe ija mukanaimata kaye musanathiremo. Chimanga musagulitse ndi chitini chimodzi chomwe kufikira nditakuuzani.

Kalata ya alamu sinafike. Tsiku lililonse ndikaweruka ndimatsegula kabokosi kathu ka makalata pansi pa fulati, ndimangopezamo mapepala a otsatsa malonda. Mwalemba kuti akufunsa kaye akuluakulu ena. Afunse, koma masiku sakuima.

Lamulungu lapitalo tinakapemphera pamodzi ndi anzathu a kwathu. Mayi Selina, namwino wina wochokera ku Chipata, anam'seka Stazia kuti mphuno ndi yopumira, bola mpweya ukulowa. Onse anaseka, inenso ndinaseka. Mwana anaseka nawo, dzanja lili pamphuno. Ndipamene ndinazindikira kuti sindikukumbukira tsiku limene anasekapo dzanja lili pansi.

Pali china. Ndinakuuzani kuti Stazia amagulitsa m'sitolo ya nsalu m'tauni. Inenso ndinkadziwa choncho. Sabata yatha ndinadutsako osam'dziwitsa, ndimati ndikaone mwana wanga ali pakauntala. Sindinam'peze. Anzake anakam'itana kuseri, kuchipinda chopanda windo kumene amapinda nsalu ndi kumata mitengo. Zaka ziwiri ali kumeneko. Atsikana awiri amene analowa pambuyo pake ali kutsogolo, chonsecho Chingerezi chake n'chomveka kuposa chawo.

Madzulo ake ndinam'uza mosabisa kuti chimene chikum'sunga kuseriko si mphuno, ndipo mpeni sungachichotse. Anati akudziwa, si mwana. Anati khungu sangalisinthe ndipo safuna kulisintha, koma watopa kuyenda ataweramitsa mutu. Kenako anandiuza za kusukulu. Akamadutsa m'khonde, anyamata ndi atsikana omwe ankadzipsinja mphuno ndi chala, onse pamodzi, osalankhula kanthu kuti aphunzitsi asamve. Tsiku ndi tsiku. Ndinam'funsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati ndinkabwera wotopa.

Amake mwana, mtima unandipweteka. Ndinam'chotsa kwanu kumene aliyense ankati ndi chiphadzuwa, n'kum'bweretsa kuno kuti adzaphunzire. Pamene ankam'chita zimenezi ine ndinali kuti? Ndinali kutembenuza makolo a eni.

Zina ndikanalemba, koma si zonse zokhala papepala. Muwakumbutse alamu.

Tobias


Scarborough
26 Juni 1977

Amake Anastazia,

Moni. Tili moyo tonse awiri, yambani mwamva zimenezo.

Zachitika. Lachiwiri pa 14 ndinam'perekeza m'mamawa. Anasayina yekha. Sanam'goneke tulo, anangom'baya jekeseni kuti pamalopo pachite dzanzi, ndipo ola limodzi lisanathe anatuluka akuyenda yekha, pulasitala ali pamphuno. Ndinatenga takisi, sindinafune kuti anthu azim'yang'ana m'basi. Masiku atatu oyamba nkhope inatupa mpaka m'maso, kupuma ankapumira pakamwa. Ndinkam'phikira phala lamadzimadzi, ndinkam'tsuka mabala ndekha monga ndinkachitira kuchipatala kuja. Ulusi anachotsa Lachiwiri lapitali. Mafinya palibe, tithokoze Mulungu.

Kalata ya alamu inafika mochedwa, pa 17, zonse zitatha. Za makalata a kutali mukuzidziwa. Ndawerenga, ndamva kuti akana, ndipo akana kwamtuwagalu. Akuti nkhope ya mwana ndi ya mtundu wake, munthu sadula chimene sichikudwala. Sindikuwatsutsa. Mupite mukawafotokozere mofatsa kuti mwana anadikira mpaka tsiku limene tinapangana. Musapite nokha, mutenge achemwali anu aakulu.

Mwafunsa za mtengo wa feteleza. Gulani matumba awiri basi, ndalama ya mwezi uno yachepa chifukwa ndinajomba masiku anayi.

Tulo sindikulipeza bwino masiku ano. Mwina ndi kutentha, fulati yathu ili pamwamba ndipo dzuwa limalowa mochedwa kwambiri.

Tobias


Scarborough
14 Ogasiti 1977

Amake Anastazia,

Moni kwa inu. Ndikhulupirira chifuwa chimene munanena chija chatha. Ine ndikuyenda, ndikugwira ntchito, ndi zomwezo.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, nditaimirira. Ndinkayembekeza kuti alamu akalipira ine. Sindinayembekeze kuti atembenukira mwana. Mwati anasonkhanitsa abale onse n'kunena kuti Stazia ndi wamwano, kuti anaona kalata ikuchedwa n'kuthamangira dala, kuti mwana wamakhalidwe akanadikira ngakhale chaka. Mwati alamula kuti asadzapondenso pamudzipo, ndipo akadzapeza banja asadzayembekeze nkhoswe kuchokera kwa iwo. Za ine akuti sakundiimba mlandu, poti bambo alibe mphamvu pa mwana wosamva, malo anga alipo.

Amake mwana, mtsikana wopanda nkhoswe ndi wa ndani? Akadzadwala, akadzamwalira, adzam'nyamula ndani? Inu mwangolemba kuti munalira n'kulowa m'nyumba. Ndikudziwa kuti simungatsutsane ndi achimwene anu pagulu, koma mupitekonso. Muwauze kuti mwana alibe mlandu. Ndikunenetsa, alibe.

Stazia sindinam'uze zimenezi. Wawalembera amalume ake kalata yopepesa, ili m'envulopu yomweyi. Anandiwerengera asanamate. Akuti kalata yawo ikanangofika nthawi yabwino akanamvera. Ndinatuluka kupita pakhonde, ndinati ndikufuna kamphepo.

Mphuno ikupola. Kumanja simungaone kanthu. Kumanzere chipsera chadzuka pang'ono, chakuda, kukula kwake ngati njere ya mpunga. Dokotala akuti tidikire miyezi isanu ndi umodzi, mwina chiphwa. Kuntchito akadali kuseri komwe kuja, palibe chasintha, ndipo anzake ena sanazindikire n'komwe kuti wachitidwa opaleshoni. Koma dzulo Mayi Selina anabwera kudzationa, ananena zoseketsa, mwana anaseka manja onse awiri ali m'madzi otsukira mbale.

Chithunzi chimene mwapempha ndidzatumiza kutupa kukatheratu.

Tobias


Scarborough
2 Okutobala 1977

Bertha mkazi wanga,

Moni. Za thupi ndisataye nazo pepala, ndili monga mwa masiku onse. Kalata iyi muiwerenge nokha kaye, mutakhala pansi.

Mwalemba kuti munapitako kawiri, alamu sanasunthe, ndipo kalata ya mwana anaibweza osatsegula. Ndiye ndinene zimene ndakhala ndikuzizemba miyezi inayi.

Ndinakunamizani. Kalata ya a William sinafike pa 17. Inafika Lachitatu pa 8 Juni, kutatsala masiku asanu ndi limodzi. A positi sanalakwe kanthu. Ndinaipeza m'kabokosi ndikuchokera kuntchito, ndinaitsegula pomwepo, ndinawerenga mawu onse. Kunena zoona ndinapuma, ndinati basi zatha, ndapulumuka. Ndinakwera chikepe kalata ili m'manja. Nditafika pakhomo ndinamva munthu akuimba m'nyumba. Anali Stazia, akusita diresi loti adzavale popita kuchipatala, akuimba nyimbo ya kwaya ya kwanu ija ndi mawu onse. Chibwerereni kuno ndinali ndisanamumvepo akuimba. Ndinaima pakhomopo sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. Kenako ndinapinda kalata, ndinaika m'thumba la jekete, ndinalowa.

Anandifunsa kuti, "Ababa, yafika?"

Ndinati, "Sinafike."

Anandifunsa choncho masiku asanu ndi limodzi, ndipo masiku onsewo ndinayankha chimodzimodzi. Ndinam'perekeza kwa dokotala kalata ili pachifuwa panga. Musati sindinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinkadziwa. Ndinkadziwanso kuti mpeni sudzam'tulutsa m'chipinda chopanda windo chija. Kungoti ndinalephera kukhala munthu winanso wom'weramitsa mutu. Pambuyo pake mantha anandigwira, ndinaganiza za nyumba yathu, za ukalamba wanga, ndinanamizira positi. Pamene alamu anasenzetsa mwana mlandu wanga ndinakhala chete miyezi iwiri, ndikudya, ndikupita kutchalitchi. Chimenechi ndicho chikundichititsa manyazi kuposa bodza loyamba lija.

Dzulo ndam'uza Stazia zonse, za kalata ndi za chigamulo cha amalume ake. Ndinam'patsa kalatayo, anaona chidindo cha tsiku. Kenako anati, "Ababa, ine ndikanamvera."

Ndinati, "Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinabisa."

Analowa kuchipinda kwake. Lero m'mawa anandipangira tiyi, koma sitinalankhulane.

Chilango china ndalandira kale, chimene sindinachiganizire. Mphuno ija inali yanu, Bertha. Zaka zinayi zimene sindinakuoneni, ndinkati ndikakhala naye patebulo, akawerama kuti apemphere, ndinkaona inu. Tsopano ndi mtsikana wokongola ndithu, koma ndikayang'ana sindikukupezani. Ndinakuchotsani ndekha m'nyumba muno.

Envulopu ya alamu ndaiika m'katimu kuti aone okha chidindo cha kuno. Muitanitse abale onse amene analipo tsiku lija, muwawerengere kalata yanga yonse, musadumphe mzere ndi umodzi womwe pofuna kunditeteza. Amene anaphwanya pangano ndi ine. Mwana am'bwezere pamalo pake, am'patse nkhoswe zake. Za ine achite zimene ananena, sindidzatsutsa. Nyumba ndi yanu, nkhumba ndi zanu, ndalama ndidzatumizabe mwezi ndi mwezi kufikira msana udzakane.

Abwana andilola tchuthi cha Khirisimasi, milungu isanu. Mukamaliza kuwawerengera mundilembere msanga, mundiuze ngati ndigule tikiti kapena ndisiye.

Ndine amuna anu,
Tobias